Adagio ya pamaliro ija mwini wake ndi Giazotto, osati Albinoni

Mukatenga mapulogalamu a maliro omwe amasindikizidwa muno mu Harare, makamaka pamene banja lafuna kuti mwambo ulemekezeke pang'ono, kaya ndi ku Highfield, ku Mabvuku kapena m'tchalitchi chachikulu cha m'tauni, nthawi zina pa mzere wa kuona nkhope mupeza palembedwa kuti Adagio in G minor, Albinoni. Woimba kiyibodi amatsitsa mawu, dzanja lamanzere n'kuyamba kuponda pang'onopang'ono ngati mapazi a anthu onyamula bokosi, kenako pamwamba pake pamabwera nyimbo yotsetsereka ija yomwe ngakhale munthu wosadziwa dzina lake amaizindikira chifukwa anaimvapo m'mafilimu. Kukoma kwake palibe angatsutse. Cholakwika ndi dzinalo. Tomaso Albinoni anamwalira mu 1751, ndipo nyimboyi inasindikizidwa koyamba mu 1958. Pakati pamenepa pali zaka 207.

Albinoni anabadwira ku Venice mu 1671. Bambo ake ankachita malonda a mapepala ndipo anali olemera, motero iye sanavutike kusaka ntchito yoimba kutchalitchi kapena kubwalo la mfumu monga ankachitira anzake ambiri. Ankadzitcha dilettante, kutanthauza munthu woimba chifukwa chongokonda. Koma anali katswiri weniweni. Anasindikiza mabuku a nyimbo khumi, kuyambira opus 1 ya mu 1694 mpaka opus 10 ya m'ma 1730, ndipo Bach mwiniwake, wolemba nyimbo wotchuka wa ku Germany, anatengako mitu ya nyimbo mu opus 1 n'kulembapo ma fugue. Analembanso ma opera ambirimbiri, ochuluka a iwo anasowa. M'mabuku khumi onsewo Adagio yathuyi mulibe.

Amene anaitulutsa ndi Remo Giazotto, wobadwira ku Rome mu 1910, yemwe anamwalira ku Pisa mu 1998. Iyeyu anali wofufuza mbiri ya nyimbo, ankalemba m'manyuzi za oimba, ndipo anagwirapo ntchito ku wailesi ya dziko la Italy ya RAI. Mu 1945 anatulutsa buku la moyo wa Albinoni lokhala ndi mndandanda wa nyimbo zake. Apa ndiye pali chovuta cha mlandu wonsewu. Munthu amene akanatha kupeza pepala lotayika la Albinoni n'kulizindikira anali Giazotto. Munthu amene akanatha kupeka nyimbo yonunkhira Albinoni n'kunamiza anthu analinso Giazotto yemweyo.

Zimene iye ananena n'zakuti nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha analandira kachidutswa ka nyimbo kochokera ku laibulale ya boma la Saxony mu mzinda wa Dresden, ku Germany. Kachidutswako kanali ka gawo lapang'onopang'ono la sonata yoimbira m'tchalitchi, ndipo kanali ndi zinthu ziwiri zokha: mzere wa besi wokhala ndi manambala, ndi ma bar, tizigawo ting'onoting'ono towerengera nyimbo, asanu ndi limodzi a vayolini yoyamba. Zina zonse anati anazimangira yekha pa maziko amenewo.

Nkhaniyi anthu anaimeza mosavuta chifukwa mbali zake zambiri ndi zoona. Dresden inaphulitsidwadi ndi mabomba kuyambira pa 13 mpaka 15 Febuluwale 1945, ndipo laibulaleyo, yomwe inali m'nyumba yotchedwa Japanisches Palais, inawonongeka kwambiri. Mabuku ena anapsa, ena omwe anabisidwa m'zipinda zapansi pa nthaka anaonongeka ndi madzi. Ndi zoonanso kuti ku Dresden kunali nyimbo zambiri za ku Venice zolembedwa pamanja. Johann Georg Pisendel, woimba vayolini kubwalo la mfumu ya kumeneko, anakhala ku Venice mu 1716 ndi 1717, anadziwana ndi Vivaldi komanso Albinoni, n'kubwerako ndi mulu wa mapepala. Choncho munthu akati pepala la Albinoni latuluka m'phulusa la ku Dresden, khutu silikana.

Koma pepalalo ndani analiona? Giazotto anakhala ndi moyo zaka 40 chisindikizireni nyimboyi, ndipo zaka zonsezo sanatulutsepo chithunzi cha pepala lenilenilo, chinthu chomwe wofufuza aliyense amachita tsiku lomwelo akapeza chuma chotere. A laibulale ya ku Dresden ananena kuti m'kaundula wawo mulibe kachidutswa koteroko. Chokhacho chomwe chinatulukira pambuyo pake ndi pepala lomwe mayi wina amene ankamuthandiza ntchito anapeza m'mapepala ake: besi ya manambala ndi ma bar asanu ndi limodzi aja, zolembedwa ndi dzanja la masiku ano, pakona pali chidindo chosonyeza kuti zinakoperedwa kuchokera ku Dresden. Umboni umenewu ukusonyeza kuti mwina Giazotto anali ndi poyambira, sanangolota. Sukusonyeza kuti poyambirapo panali pa Albinoni, chifukwa kope lopanda chiyambi chake lili ngati mboni yonena zomwe inauzidwa ndi wina. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Ndipo pano pali chinthu chomwe ambiri okangana za nyimboyi sachiwerenga. Kampani ya Ricordi ya ku Milan itaisindikiza mu 1958, mutu wake wonse unali wakuti Adagio in sol minore per archi e organo su due spunti tematici e su un basso numerato di Tomaso Albinoni. M'Chichewa tingati Adagio ya mu G minor ya zingwe ndi limba, yomangidwa pa timitu tiwiri ta nyimbo ndi pa besi ya manambala ya Tomaso Albinoni. Mutuwo sukunena kuti Albinoni analemba nyimboyi. Ukungomupatsa timitu tiwiri ndi besi, ndipo umwini unalembetsedwa m'dzina la Giazotto. Makampani ojambula malekodi ndiwo anadula mutu wautaliwo n'kusiya mawu awiri ogulitsa malonda, Albinoni ndi Adagio. Dzina la mkulu wakale wa ku Venice limakopa wogula kuposa la munthu wa pawailesi amene akadali moyo.

Ngakhale titamukhulupirira Giazotto mawu ake onse, Adagio ili ndi ma bar opitirira 100. Asanu ndi limodzi pa 100 si nyumba, ndi njerwa zochepa chabe.

Besi ya manambala ndi chiyani, ndipo ingaloze mwini nyimbo?

Oimba limba a nthawi ya baroque, kuyambira cha m'ma 1600 mpaka cha m'ma 1750, akamaperekeza oimba anzawo sankalemberedwa manotsi onse. Ankapatsidwa mzere umodzi wa dzanja lamanzere, pansi kapena pamwamba pake pali timanambala tosonyeza chord yoti dzanja lamanja ligwire. Notsi yopanda nambala imatanthauza chord wamba: yachitatu ndi yachisanu kuwerenga kuchokera pa besiyo. Nambala 6 imatanthauza yachitatu ndi yachisanu ndi chimodzi. Chizindikiro cha sharp chili chokha chimatanthauza kuti notsi yachitatu ikwezedwe theka. Tiyese mu G minor, kiyi yokhala ndi ma flat awiri, B flat ndi E flat. Besi G yopanda nambala mugwira G, B flat, D. Besi F ya nambala 6 mugwira F, A, D. Besi E flat ya nambala 6 mugwira E flat, G, C. Besi D ya sharp mugwira D, F sharp, A. Imbani zinayizi motsatizana pang'onopang'ono, mumva chisoni chikulowa m'nyumba musanaikepo nyimbo iliyonse pamwamba.

Kwa a kwaya amene munazolowera tonic sol-fa, doh wake ndi B flat, ndipo besi imeneyi ndi l, s, f, m kutsika. Adagio imayamba ndi mayendedwe omwewa, notsi iliyonse ikudumpha pakati pa yapansi ndi mnzake wa octave pamwamba. Vuto ndi lakuti l, s, f, m ilibe mwini. Monteverdi anaigwiritsa ntchito m'nyimbo yodandaula yomwe inasindikizidwa mu 1638, Albinoni asanabadwe. Purcell anaitenga, n'kuikamo manotsi a theka pakati, pa nyimbo ya imfa ya Dido, nayonso ili mu G minor. Olemba nyimbo mazanamazana anaponda njira yomweyo. Zili ngati d, f, s, d m'nyimbo zathu zamakwaya: mukapeza pepala lolembedwa zimenezo simunganene kuti mwapeza dzanja la mphunzitsi wakutiwakuti. Wophunzira aliyense wa chaka chachiwiri pa Zimbabwe College of Music akhoza kulemba besi yotere m'mphindi zisanu, ndipo ikhala yolondola.

Umboni wamphamvu kuposa mapepala uli m'nyimbo momwemo. Sonata ya zingwe ya nthawi ya Albinoni inkaimbidwa ndi mavayolini awiri ndi besi, limba likungodzaza ma chord kumbuyo mosadzionetsa. Mu Adagio limba lalemberedwa manotsi ake onse, ndipo ndilo limatsegula nyimbo ndi mawu akeake mavayolini asanalowe. Gawo lapang'onopang'ono la sonata linkakhala lalifupi, mphindi ziwiri kapena zitatu, lopumulira pakati pa magawo othamanga. Adagio imaima payokha mphindi zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu, ndipo pali ojambula ena otchuka omwe amaikoka mpaka kupitirira khumi. Pakati pake gulu lonse limatonthola, limba ligwira chord imodzi osaisiya, vayolini imodzi n'kumalira yokha mopanda kuwerenga nthawi ngati mayi wolira pakhomo pa siwa. Kenako zingwe zonse zimakwera pamodzi mpaka kufuula, n'kugweranso pansi. Kukwera ndi kutsika kwa mawu kotereku, kochedwa ndi kolembedwa mwadala, ndi chizolowezi cha olemba a m'ma 1800 ndi cha nyimbo za m'mafilimu. Munthu amene anakula akumva ma opera a Puccini ndiye angalembe chonchi. Albinoni anafa zaka zoposa zana Puccini asanabadwe.

Mukafuna kudzimvera nokha, funani concerto ya oboe ya Albinoni, opus 9 nambala 2 mu D minor, yosindikizidwa ku Amsterdam mu 1722, mumvetsere gawo lake lachiwiri. Nalonso limatchedwa Adagio, nalonso lili mu 3/4. Zingwe zimayenda mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza ngati madzi a mumtsinje wa m'chilimwe, oboe ilowa ndi notsi imodzi yaitali n'kumaikulitsa, ndipo palibe pomwe nyimbo ikuima kuti idzigugude pachifuwa. Chisoni chake ndi chodziletsa. Mukamva ziwirizi motsatizana, mkangano wa akatswiri simuufunanso.

Maganizo anga ndi akuti Giazotto sitingamutche wakuba, chifukwa wakuba amatenga cha wina n'kulembapo dzina lake, pamene uyu anatenga chake n'kuchipachika dzina la wina. Koma sitingamuchotserenso mlandu, chifukwa anali wofufuza, ankadziwa bwino kuti umboni umaperekedwa bwanji, ndipo anasankha kukhala chete zaka 40 malekodi akugulidwa. Chodabwitsa n'chakuti Albinoni weniweni anapindula nalo bodzali. Anthu ambiri amene lero amamvera ma concerto ake a oboe analowera pa khomo la nyimbo yomwe Albinoniyo sanalembe. Mu 1992 ku Sarajevo, pa nkhondo ya ku Bosnia, anthu 22 ataphedwa ali pamzere wogula buledi, Vedran Smailović anatenga chelo chake n'kumakaimba nyimbo yomweyi m'mabwinja a mzindawo, ndipo dziko lonse linati akuimba Albinoni.

Dzinalo likukhudzani bwanji inu woimba

Choyamba ndi pulogalamu. Lembani kuti Remo Giazotto, Adagio mu G minor, ndipo ngati malo alipo onjezani kuti yomangidwa pa besi yomwe amati ndi ya Albinoni. Mukaopa kuti anthu saizindikira, ikani mayina onse awiri, Giazotto patsogolo. Osindikiza amangokopera zomwe mwawatumizira pa WhatsApp, motero cholakwacho chimachokera kwa ife oimba. Kwa ophunzira nkhani ndi yokulirapo. Pampikisano kapena pamayeso pomwe akufuna nyimbo ya nthawi ya baroque, Adagio iyi siwerengedwa, ndi ya m'ma 1900. Mphunzitsi amene wamkonzekeretsa mwana miyezi itatu ndi nyimbo imeneyi pa gawo la baroque wamtayitsa nthawi.

Chachiwiri ndi umwini. Ikanakhala ya Albinoni bwenzi ili ya aliyense. Koma lamulo la copyright la Zimbabwe limateteza nyimbo zaka 50 kuchokera kumapeto a chaka chomwe mwini wake anamwalira, ndipo Giazotto anamwalira mu 1998, kutanthauza kuti ndi yotetezedwa mpaka kumapeto a 2048. Ku Italy ndi ku Britain ndi zaka 70, mpaka 2068. N'chifukwa chake pa webusaiti ya IMSLP, pomwe mumatenga manotsi a Bach ndi Handel mwaulere, opus 9 ya Albinoni ilipo koma buku la Ricordi la Adagio simungalitsitse. Mapepala omwe amazungulira m'magulu a oimba ambiri ndi okonzedwa ndi anthu osadziwika, ena anadula gawo la vayolini yoimba yokha, ena anasintha ma chord. Ngati mukukonza konsati yolipiritsa pakhomo, funsani a ZIMURA, bungwe loona za umwini wa nyimbo muno mu Zimbabwe, ndipo muwapatse dzina la Giazotto, chifukwa m'makaundula a umwini ndi momwe ilili.

Pali chinanso chomwe chimagwetsa mabanja ulesi. Masiku ano maliro amaulutsidwa pa Facebook kapena YouTube kuti abale a ku Lilongwe, ku Johannesburg ndi ku Leeds aonere. Mukaika Adagio yojambulidwa kale pa zokuzira mawu, makina a makampaniwa amaizindikira ndipo akhoza kutseka mawu pa gawo limenelo kapena kuimitsa kanema yense. Apa umwini ulipo pawiri, wa wolemba nyimbo ndi wa amene anaijambula, ndipo wachiwiriwu ukanakhalapo ngakhale nyimboyo ikanakhala ya Albinoni. Kuimba pamanja kumachepetsa vutoli ngakhale sikulithetseratu. Chanzeru n'kujambulanso mwambo pa foni ina kuti banja likhale ndi kope lake lamawu onse.

Chachitatu ndi kaimbidwe, ndipo apa kudziwa mwini wake kumakumasulani. Simukufunika kuiuma ngati nyimbo ya 1710, yopanda kukweza ndi kutsitsa mawu. Inalembedwa kuti ifufume. Koma isakokedwe mpaka kufa. Ikani metronome pa 50 mpaka 56 pa crotchet. Pa 50, bar imodzi ya 3/4 imatenga masekondi 3.6, ndiye kuti ma bar 100 ndi mphindi zisanu ndi imodzi, kuonjezapo malo opumira. Mukatsika pansi pa 44 besi imasiya kumveka ngati mapazi, imakhala madontho osalumikizana, ndipo woimba vayolini uta umamuthera pakati pa notsi. Werengeranitu ndi nthawi ya mwambo. Anthu 200 odutsa pabokosi, aliyense masekondi atatu, ndi mphindi khumi. Nyimbo ikuthera anthu ali pamzere. Konzanitu pobwerera: mukafika pa chord ya G minor yotseka chigawo, bwererani polowera mavayolini, osati pa chiyambi penipeni, ndipo gawo lofuula lija mulisungire kumapeto abale enieni akamayandikira.

Pa kiyibodi ya makiyi 61 notsi yotsikitsitsa ndi C yachiwiri pansi pa C wapakati, motero besi ya G, F, E flat, D imakwana popanda kusuntha octave. Gawani kiyibodi pawiri. Kumanzere ikani mawu a pizzicato kapena a besi yodokola ndi chala, chifukwa m'buku lenileni chelo ndi besi yaikulu siziimba ndi uta pamenepa, zimakoka chingwe ndi chala n'kuchisiya. Kumanja ikani mawu a zingwe osanjikiza ndi limba lofewa. Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri ndi zitatu. Mawu a slow strings amachedwa kutuluka mukadina, ndiye dzanja lamanja limamveka ngati likutsalira kumbuyo kwa besi. Sankhani zingwe zotuluka msanga kapena dinani pang'ono nthawi isanakwane. Sustain pedal ikagwidwa bar yonse imaphatikiza manotsi otsetsereka aja n'kukhala phala, ndipo imaphanso kudumpha kwa besi; isintheni pa beat iliyonse kapena isiyeni. Reverb ya m'kiyibodi muichepetse kwambiri m'tchalitchi cha malata ndi simenti, chifukwa nyumbayo payokha imabweza kale mawu. M'tenti ya panyumba ya maliro ndi mosiyana, mawu amauma, pamenepo mukhoza kuionjezera.

Mutu wa nyimbo mu sol-fa ndi m, r, d, t, l, kenako l n'kutsamira pa se. Mzere wachiwiri umayambira sitepe imodzi pamwamba, pa f. Mtima wonse wa nyimboyi uli pa l wopita ku se. Notsi ya l, yomwe ndi G, imagundana ndi chord ya pansi pake, ndipo imafunika kulemera. Se, yemwe ndi F sharp, ndi pomasukira, aimbidwe mofewa. Oimba ambiri amachita chotembenuza, amadutsa l mothamanga n'kumenya se. A kwaya amene amaiimba ndi mawu a "uu" amakonda kutsetsereka pa se n'kugwera pa s, nyimbo n'kutaya ululu wake wonse. Yesezani theka la sitepe limeneli palokha kakhumi musanayambe zina.

Amene muli ndi mwayi wa limba la mapaipi, ku mapazi ikani 16' yofewa monga Bourdon pamodzi ndi chitoliro cha 8', ndipo notsi iliyonse muidule pafupifupi theka la utali wake kuti imveke ngati yodokola. Ma chord apite pa Swell ndi Salicional ndi Voix céleste, nyimbo yapamwamba pa Oboe 8' kapena pa chitoliro cha Great. Ma mixture asatuluke mpaka pachimake. Mukakhala ndi oimba zingwe anayi okha, chelo chitenge besi yodokola, limba kapena kiyibodi igwire ma chord aatali, apo ayi vayolini ikamaimba yokha pansi pake pakhala phompho.

Nyimbo zina zovala dzina la eni ena

Adagio ili ndi anzake, ndipo angapo timawaimba sabata ndi sabata. Trumpet Voluntary yomwe mkwatibwi amalowera m'tchalitchi mabuku akale amati ndi ya Purcell. Ndi ya Jeremiah Clarke, woimba limba wa pa St Paul's ku London yemwe anamwalira mu 1707, ndipo dzina lenileni la nyimboyo ndi Prince of Denmark's March. Apa panalibe chinyengo, wokonza buku wina wa m'ma 1800 anangolakwitsa, ena onse n'kumakopera. Minuet ya mu G yomwe mwana aliyense wophunzira piyano amaimba ngati ya Bach inapezeka m'kabuku ka nyimbo ka mkazi wake, Anna Magdalena, ka mu 1725, koma ofufuza a m'ma 1970 anapeza kuti ndi ya Christian Petzold wa ku Dresden. Nambala yake ndi BWV Anh. 114, ndipo kachidule ka Anh. kakuimira mawu a Chijeremani otanthauza zakumapeto, komwe amaika nyimbo zokayikitsa ndi za eni ena. Mukaona Anh. pa nyimbo ya Bach, imani kaye.

Ave Maria yomwe amati ndi ya Caccini ndiyo mbale weniweni wa Adagio. Giulio Caccini anamwalira mu 1618. Nyimboyo inalembedwa ndi Vladimir Vavilov wa ku Russia, woimba gitala ndi lute, ndipo inatuluka pa lekodi mu 1970 yolembedwa kuti mwini wake sadziwika. Dzina la Caccini linadzamatidwa Vavilov atamwalira. Mawu ake ndi awiri okha obwerezabwereza, ndipo ma chord ake a seventh otsatizana ndi omwe mumamva m'nyimbo zachikondi za pawailesi. Fritz Kreisler, woimba vayolini wotchuka, anachita zomwezo kwa zaka zambiri, kuimba nyimbo zake n'kumati ndi za Pugnani ndi akale ena, koma iye anaulula yekha mu 1935.

Njira yofufuzira siivuta ndipo ikhoza kuchitika pa foni. Yambani ndi nambala: nyimbo yeniyeni ya wolemba wodziwika imakhala ndi opus kapena nambala ya m'kaundula, BWV kwa Bach, HWV kwa Handel, RV kwa Vivaldi, Z kwa Purcell. Kenako funsani chaka chomwe inasindikizidwa koyamba, muyerekeze ndi chaka cha imfa ya wolembayo. Mpata waukulu pawokha si mlandu, nyimbo zambiri za Bach zinasindikizidwa iye atafa kalekale, koma pamenepo payenera kukhala pepala lakale lolembedwa pamanja, ndipo liyenera kukhala ndi malo: laibulale yakuti, shelefu yakuti. Kaundula wa RISM pa intaneti ndi waulere ndipo amasonyeza zimenezi, pamodzi ndi manotsi oyambirira a nyimbo iliyonse. Pomaliza werengani timalemba tating'ono pansi pa tsamba loyamba. Mukapeza chizindikiro cha copyright cha m'ma 1900 ndi dzina lachiwiri lotsatana ndi mawu onga arranged, realised kapena elaborazione, funsani kuti munthu wachiwiriyo anaikamo zochuluka bwanji.

Pali imodzi yomwe njira imeneyi siimaliza, nayo ndi Toccata ndi Fugue mu D minor, BWV 565, nyimbo ya limba yotchuka kuposa zonse. Pepala la dzanja la Bach palibe. Kope lakale kwambiri linalembedwa ndi Johannes Ringk, yemwe anabadwa mu 1717, ndipo ndiye analembapo dzina la Bach. Mu 1981 wofufuza za nyimbo Peter Williams anafunsa poyera ngati ilidi ya Bach, akuloza zinthu zosazolowereka: manja onse kuimba manotsi amodzimodzi mu octave kwa nthawi yaitali poyambira, mutu wa fugue kumveka ku mapazi okha popanda chilichonse pamwamba, ndi kutsekera pa plagal cadence, ma chord onga a "Ameni" wa m'tchalitchi, koma ya minor. Anaganiza kuti mwina inayamba ngati nyimbo ya vayolini imodzi. Christoph Wolff ndi ofufuza ena amati ndi ya Bach ali mnyamata, asanakhazikike. Kusiyana kwake ndi Adagio n'kwakuti apa pepala la m'ma 1700 lilipo, lili ku Berlin, aliyense akhoza kuona chithunzi chake, ndipo palibe munthu wina amene umboni wamuloza kuti ndiye mwini. Imeneyi pa pulogalamu lembanibe Bach, ndi nambala yake BWV 565.